Hajara, Bele Lomaliza la Malimbasa

Mkazi wobala ana aamuna asanu ndi mmodzi, kwina kulikonse akanamuombera m'manja. Kwa Malimbasa, kadooko kaja kali pakati pa Senga Bay ndi Chipoka, Hajara ankamupepesa ngati waferedwa. Amayi akabwera kudzaona khanda ankavundukula kansalu, kusuzumira, kuvundikiranso msangamsanga ngati aona njoka mumtsuko, kenaka n'kuti, "Pepani, Abiti Saidi. Mulungu ndi yemweyo."

Chipongwe chimenechi simungachimvetse musanamve za dzina.

Malimbasa woyamba anachokera kutsidya kwa nyanja ndi chombo cha thanga, azungu asanabwere. Ankaolotsa minyanga ya njovu, pobwerera n'kutenga nsalu, mikanda ndi onga. Ankaolotsanso katundu wina wa miyendo iwiri, uja abale ake akamukumbuka amayamba kutsokomola. Pa katundu ameneyo anapatulapo akazi awiri n'kuwamangira nyumba kuseri kwa nkhokwe zake, ndipo zidzukulu zawo mpaka lero zimatchedwa akuseri. Akuseriwo anaswana ngati usipa.

Akumaso, eni dzina, zawo sizinayende choncho. Kumeneko dzina silipita kwa mwana wako wobala, limatsata bele. Ukafa, amakulowa ndi mwana wa mlongo wako. Malimbasa woyamba anali ndi alongo anayi, ndipo ankadzitama kuti dzina lake lili ndi miyendo inayi ngati mpando. Nthomba inathyola mwendo umodzi. Kaodzera anathyola wachiwiri. Wachitatu sunathyoke, unangonyamuka wokha: unakwatiwa ndi mphunzitsi wa mishoni n'kupita kumapiri, ndipo akuti ana ake amadya ndi nkhumba yomwe. Unatsala umodzi, woondanso. Mayi kubala mtsikana mmodzi, mtsikanayo kubalanso mmodzi, mpaka kudzafika pa Hajara. Hajara akapanda kubala mwana wamkazi, dzina likanatha ndi ana ake aamuna, kenaka n'kugwera kuseri kwa nkhokwe.

Musaganize kuti dzinalo linali ndi chuma. Chombo chinaola kalekale. Boma litabwera ndi mabuku ake linalemba dookolo pansi pa mfumu ina, Malimbasa osamuika ngakhale pa ulonda. Chimene chinatsala ndi ichi: bwato latsopano silinkalowa m'madzi Malimbasa asanaliponde. Ankabwera atavala nsapato za dzina, kuvula yakumanja, kuponda m'bwatomo, n'kutchula amene anamutsogolera mmodzimmodzi. Nsomba yaikulu ya tsiku loyamba inali yake. Bwato losapondedwa palibe ankalikwera, ngakhale Akhristu amene ankati zimenezi n'zachikunja.

Malimbasa wachinayi, amene ali mnyamata ankatchedwa Mustapha, anali mjomba wake wa Hajara, mlongo wa mayi ake. Kamunthu kakafupi, kamimba kutsogolo, mapazi otupa. Kukalipa sankadziwa. Chida chake chinali misozi. Akafuna chinthu ankabwera pakhomo pako, kukhala pansi, n'kuyamba kulira mwakachetechete uku akupukuta mphuno ndi kanzu, mpaka manyazi akugwire iwe mwini khomo.

Hajara mwiniwake za mipando ndi miyendo yake analibe nazo ntchito. Anali mkazi wa pathandala: kuyanika usipa, kuwamba kampango, kukangana ndi ogula nsomba otsika kumapiri ndi madengu panjinga. Anali ndi mpata m'mano ndi kaseko komveka kutali, koti asodzi ali pamadzi ankadziwa kuti kumtunda munthu wina wanyozedwa. Mayi ake anamwalira iye ali namwali. Mchimwene analibe, mchemwali analibe. Mbale wake yense anali mjomba wolirayo.

Patatha chaka njanji itafika ku Salima, anakwatiwa ndi Idi wosema mabwato, munthu wamtali wonunkhira mbawa. Idi ankayankhula mawu khumi patsiku, ndipo asanu ankasungira Hajara. Anthu ankadabwa kuti mkazi wa pakamwa chotere akupeza chiyani mwa chitsa chimenechi. Iye ankati, "M'nyumba mukhale pakamwa pamodzi ndi makutu awiri. Mukakhala pakamwa pawiri, mbale zimasweka."

Mwana woyamba anali Omari. Malimbasa anavina ndi mapazi otupawo. "Wondilowa ndamuona," anatero. "Tsopano mumupatse mlongo woti adzamubalire womulowa." Wachiwiri anali wamwamunanso, nkhalamba inangousa moyo. Atabadwa wachitatu, nthawi imene anyamata ankatengedwa kupita kunkhondo ya azungu, inabwera pakhomo n'kulira masiku atatu. Tsiku lachinayi inayankhula.

"Mwana wa mlongo wanga, ine ndafufuza. Vuto si iwe ayi. Munda sumera mapira utadzalamo chimanga. Vuto ndi mbewu."

"Mbewu yalakwa chiyani, amjomba? Ana si awa akuthamanga bwinobwino?"

"Nanga ndakana? Koma amuna ndi nkhuni, mwanawe. Amayaka, anthu kuotha, basi phulusa. Mtengo ndi mkazi. Idi kwawo anabadwa angati?"

"Asanu."

"Akazi?"

"Palibe."

"Wamva. Tsono ku Chipoka kuli munthu, dzina lake Sidiki, wogulitsa mchere. Akazi awiri, ana asanu ndi awiri, onse atsikana. Ndakawaona ndekha, ndawawerenga ndi chala ichi."

Hajara anaseka, kuyesa kuti ndi nthabwala za ukalamba. Koma misozi inapitirira miyezi inayi. Mmawa akatsegula chitseko, nkhalamba ili pakhonde. Akapita kuthandala, ili pansi pa thandala. Amayi a akumaso, aja okwatiwira m'banjamo, anayamba kumulankhula ngati mfiti: "Uzimupha munthu wamkulu chifukwa cha mkamwini? Mkamwini ndi tambala wobwereka. Mjomba ukamutaya ukamugula kuti?"

Anakakumana pakhonde la shehe, dzuwa litangokwera. Shehe anati buku lake silidziwa chifukwa chotere chothetsera ukwati, koma likudziwa kuti mwamuna akafuna kusiya amasiya. Ndiye onse anayang'ana Idi. Idi anayang'ana mkazi wake.

"Amake Omari, ukati ndikhale, ndikhala."

Amenewo anali mawu ake asanu a tsikulo. Kumanja kwa Hajara nkhalamba inali kusisima, thupi lonse kunjenjemera ngati nkhuku yonyowa.

"Si mpaka kale," inatero pakati pa mamina. "Ukangobala mtsikana, Sidiki ndimupitikitsa ndekha, Idi abwerere. Buku limalola mkazi kubwerera atakwatiwapo kwina. Si choncho, Shehe?"

Shehe anakanda ndevu n'kuti ukwati wopangana tsiku lothera sauvomereza, koma makutu ake tsiku limenelo anali osamva bwino.

Hajara anaweramitsa mutu. Idi anadikira pang'ono, kenaka anatchula talaka, mawu othetsera ukwati, katatu, mwapansipansi ngati akupempha madzi akumwa. Anatenga nsompho zake ndi mkeka, n'kuyenda mpaka pansi pa mtengo waukulu pamene ankasemera mabwato, n'kumangapo chisakasa. Kuchokera pathandala la Hajara kufika pamenepo, mwala ukaponya bwino umafika. Mmawa uliwonse ankamva nsompho: kho, kho, kho.

Sidiki anabwera ndi thumba la mchere ndi pakamwa podzaza fodya. Analinso wolankhula, ndiye mbale zinayamba kusweka. "Ine mayi, mwana wamwamuna sindimudziwa," ankatero pagulu. "Ndimangomuonera kwa anansi." Malimbasa ankamutsata m'mbuyo akumwetulira ngati munthu amene wagula ng'ombe yabwino motchipa.

Hajara anaima. Mimba inali yaikulu, ndipo amayi anati mtsikana wake adzakhala wa matako. Anabadwa mapasa, onse aamuna.

Dooko lonse linaseka mpaka ena kugwa m'madzi. Sidiki anati si mlandu wake: mtsuko umene unasungirapo thobwa sutha fungo msanga, mumupatse nthawi. Pa ulendo wotsatira sanasiye kanthu kumwayi. Anamumangira Hajara chithumwa cha talasimu m'chiuno. Anamumwetsa mizu yowawa yochokera kutsidya. Anamuletsa nyama ya tonde ndi ya tambala. Asodzi anauzidwa kuti akagwira chambo chachikazi, chija chimasunga ana m'kamwa, azibwera nacho kwa Hajara, ndipo anadya chambo chimenecho mpaka kuchiona kokha kunkamuchititsa mseru. Anabala. Mzamba anatuluka wopanda nthungululu, anthu n'kudziwa okha.

Idi anadikira zaka zitatu pachisakasa paja. Chachinayi anakwatira. Ndipo pa akazi onse a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chipoka mpaka kudutsa Senga Bay, anakatenga Salma wa akuseri. Ena amati anachita dala. Ena amati Salma ndiye yekha ankamupititsira chakudya pachisakasa, ndipo mwamuna wosayankhula amakwatira amene wamuyandikira. Salma anabala mtsikana. Anabalanso mtsikana. Pofika wachinayi, ana a padooko anali ataipeka kale nyimbo yake, ndipo Malimbasa ankazungulira njira kuti asadutse pakhomopo.

Thandala la Salma linayandikana ndi la Hajara.

"Achemwali," anatero Salma tsiku lina, akugwedeza khanda kumsana, "kodi mbewu munataya ija munaiyesa bwino? Kwanga kuno ikungomera atsikana. Nsalu zatha m'nyumba."

"Akuseri munayamba liti kuyankhula ndi akumaso?"

"Tsiku lomwe akumaso munayamba kutha."

Hajara anatembenuza usipa umene anali atautembenuza kale. Kaseko kaja anthu anali ataleka kukamva.

Kenaka inabwera njala ya fote naini. Mvula inakana, chinangwa chinatha, anthu n'kumakumba nyika, mizu ya kakombo, m'madambo. Sidiki anamanga dengu la nsomba zouma n'kuti akukasinthitsa ndi chimanga kumapiri a ku Dedza, abwera sabata yamawa. Patapita miyezi isanu kunabwera kakalata, shehe n'kukawerenga, n'kuti ndi talaka. Hajara anatsala ndi pakamwa pasanu ndi pawiri, kuphatikizapo mjomba amene njala inamuondetsa paliponse kupatula mapazi. Sanataye mwana ngakhale mmodzi. Masiku ena akafika kuthandala ankapeza kamtolo ka chinangwa chouma atakabisa pansi pa udzu, pa kamtolopo pali tizipalapala ta mbawa. Sanafunse, ndipo amene ankasiyayo sananene.

Njala itatha anapita kwa nkhalamba.

"Amjomba, mwamuna wobala atsikana munkamufuna uja, ndi uyo ali pansi pa mtengo. Muitaneni."

Misozi inayamba asanamalize. "Ine ndikagwade kwa mkamwini wa akuseri? Agogo ake a Salma tinawagula ndi mkono umodzi wa nsalu. Amene ananditsogolera ndikawauza chiyani? Pangano linali la mtsikana, mwanawe. Mtsikana ali kuti?"

"Ndimubala ndi ndani, ndi thandala?"

Nkhalamba inayesa kufunafuna mwamuna wachitatu. Palibe anabwera. Amuna ankati mkazi amene anagonjetsa Sidiki ndi woopsa, angakuchotsere mbiri. Zaka zinapita choncho: nkhalamba kulira, Hajara kuwamba nsomba, nsompho kulira pansi pa mtengo, ana a Salma kukula akudutsa pakhomo ndi mitsuko pamutu, miyendo yaitali ngati ya bambo awo.

Malimbasa wachinayi anamwalira Chitaganya chili ndi zaka ziwiri. Mawu ake omaliza akuti anali duwa, pemphero kwa Mulungu, koma amene anali pafupi amati anafunsa ngati Hajara wasiya kusamba. Sadaka itadyedwa, akuluakulu anakamugwira Omari akutsika m'bwato kuchokera kuchilumba cha Mbenji. Anali mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wanthabwala, amene ankaba usipa pathandala la mayi ake n'kuwagulitsanso iwo omwe. Anamutsekera m'nyumba, kumumeta, kumulangiza, kumuveka kanzu ndi nsapato za dzina, zimene anachita kuikamo nsanza kuti zisavuke.

Tsono mwambo wake ndi wotere. Wolowa dzina salowa dzina lokha, amalowa ndi ubale womwe. Omari anatha. Amene anatuluka m'nyumbamo anali Malimbasa yemwe uja wa chombo cha thanga. Mkazi wa malemu, gogo wopanda dzino ndi limodzi lomwe, anakhala mkazi wake, ngakhale zimenezo zinathera pa kumupatsa moni. Ndipo Hajara, amene anamubala, kumuyamwitsa, kumukwapula ndi nkhafi, anakhala mwana wa mlongo wake. Anagwada pamchenga pamaso pa anthu n'kuti, "Amjomba, mwabwerera."

Sabata yoyamba ankati akakhala awiri, n'kuseka. Omari ankavula nsapatozo n'kupempha nsomba yamutu. Koma akuluakulu ankakhala naye tsiku lililonse, kumufotokozera za miyendo inayi, ndipo nsapato zikakhala kumapazi nthawi yaitali phazi limazolowera. Mwezi wachitatu anaitanitsa Hajara. Anamupeza atakhala pampando, iye n'kukhala pansi.

"Hajara."

Dzina lake kutuluka pakamwa pamene anapayamwitsa.

"Ndamva, amjomba."

Uyu sankalira. Ankawerenga ndi zala. "Ine. Pambuyo panga asanu aja, mmodzimmodzi. Akatha, ndani? Mwana wamkulu wa Salma watsala pang'ono kutha msinkhu. Mdzukulu wa Salma ndiye adzaponde mabwato pano? Uli ndi zaka zingati?"

"Mukudziwa ndinu, amjomba. Paja munalipo pamene ndinkabadwa."

Pakona pa mlomo wake panagwedezeka, Omari akufuna kutuluka. Malimbasa anamubweza.

"Nthawi ilipo, koma yochepa. Idi abwerere."

Mtima wa Hajara unadumpha ngati wa namwali. Zaka khumi ndi zinayi akudikira mawu amenewa.

"Tonde ameneyo watsimikizika," anapitiriza mnyamatayo. "Atsikana anayi. Tinalakwitsa kumubweza msanga."

Mtima uja unabwerera pamalo pake n'kukhala pansi.

Idi anakana. Anauza amene anatumidwa kuti anachotsedwa ngati galu, sangaitanidwe ngati mbuzi. Kwa Idi imeneyo inali nkhani yaitali, ndipo anthu anaibwereza sabata yonse. Koma nthawi imeneyo anali akumaliza bwato lalikulu la asodzi a ku Mbenji, ntchito ya miyezi itatu. Atalikokera padooko, Malimbasa anatumiza mawu kuti phazi lamanja likumupweteka. Unali mwezi wa Okutobala. Bwato linakhala pamchenga, dzuwa likulimenya. Idi ankalithira madzi mmawa ndi masana, kulifunditsa makoka akale. Eni bwato ankabwera kudzamutukwana. Phazi silinkachira.

Tsiku la khumi ndi chiwiri, Idi anapita kukagwada kwa mwana wake.

"Malimbasa, phazi lili bwanji?"

"Likumva kuwawa kwa mbumba yanga, mkamwini."

Idi anayang'ana nkhope imene inali yake yomwe, kungoti yopanda makwinya. "Ndinakuphunzitsa kupalasa," anatero.

"Amene munamuphunzitsayo kulibe."

Mawa lake phazi linachira, bwato linalowa m'madzi.

Anthu ankayembekeza kuti Salma aotcha nyumba. Salma anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Mutengeni, achemwali, si nsompho yanga yokha. Koma muzimubweza Lachinayi, nkhuni zanga awaza ndani? Ndipo munda umene wagona zaka zonsezi, mbewu muziithira mochenjera, ingangotha pachabe."

Ndowa, ukwati wa kwa shehe, inachitika yopanda ng'oma, yopanda mpunga wochuluka. Masana ake awiriwo anakhala pakhonde, pakati pawo pali mpata woti mwana angadutse. Tsitsi la Idi linali litayera. Manja a Hajara anali akuda ndi utsi wa zaka makumi awiri.

"Bambo a Omari," anatero Hajara, pogwiritsa ntchito dzina limene panalibenso wina wololedwa kulitchula, "mwabwera chifukwa cha ine, kapena chifukwa cha bwato?"

Idi kunama sankadziwa, ndilo linali vuto lake chikhalire.

"Linayamba kung'aluka kumbuyo," anatero.

Hajara anagwedeza mutu.

"Wakalamba," anaonjeza Idi.

"Inunso."

Anaseka onse awiri, kuseka kwa anthu amene aberedwa ndi mbala imodzi.

Salma analakwitsa za munda. Mvula itatha Hajara anaima, ndipo kuyambira tsiku limenelo mimbayo sinakhalenso yake. Anamuletsa kupita kunyanja kuopa ng'ona, kuthandala kuopa dzuwa, pamoto kuopa utsi. Nsomba zake anayamba kuwamba ena, n'kumazipsereza iye akuona. Amayi ankabwera kudzamuimitsa, kumuzungulira, kukangana ngati mimba yoloza kutsogolo ndi ya mtsikana kapena ya mnyamata. Idi ankabwera masiku ake, kukhala, kupita Lachinayi. Zoti akambirane zinali zochepa, pakuti nthawi zonse pakhonde pankakhala mayi wina woikidwa ndi Malimbasa kuti aziyang'anira.

Mwezi wachisanu ndi chitatu, ali gone m'nyumba masana, anamva amuna akukambirana kuseri kwa chipupa. Anali Malimbasa ndi akuluakulu awiri.

"Akakhala wamkazi, tisachedwe ngati kale. Tiyambiretu kufufuza mabanja obala atsikana."

"Kuli banja lina kupitirira Senga Bay. Mnyamata wawo ali ndi zaka zisanu, alongo ake asanu ndi mmodzi."

"Mukawauze asamupereke kwina. Akangotha msinkhu mtsikanayo, chaka chomwecho. Ndipo akabala amuna awiri motsatizana, tisadikire wachitatu."

Hajara anaika dzanja pamimba. M'katimo munthu anagunda kamodzi, ngati wamva.

Matenda anayamba mmawa, mvula ikuwaza. Pofika nthawi imene mabwato amabwerera, panja panali patadzaza: Malimbasa pampando wake, akuluakulu atafunda masaka, Idi ataima payekha pansi pa mtengo wa mango, Salma ndi ana ake anayi ataima patali pang'ono ngati angodutsa. M'nyumba munali Hajara ndi mzamba yemwe uja anamubalitsa onse asanu ndi mmodzi. Zinatenga nthawi, thupi la zaka makumi anayi silithamanga. Kenaka kunamveka kulira kowonda.

Mzamba anatembenuza khandalo. Anayang'ana, anapukuta m'maso, anayang'ananso. Anakoka mpweya kuti aimbe nthungululu. Hajara anamugwira mkono.

"Dikirani, mayi."

"Ndidikire chiyani? Ndi wamkazi. Abiti Saidi, wamva? Wamkazi."

"Ndamva. Ndipatseni kuno."

Kanali kamwana kakatali, ka zala zazitali, kokwiya kumaso ngati akadzutsa kasanakhute tulo. Hajara anakaika pachifuwa. Aamuna onse aja ankabadwa anthu n'kubalalika mokhumudwa, kumusiya awalere mmene afunira. Aka kanali ndi mwamuna kale kupitirira Senga Bay, ndi amuna ena oti adzalowe m'malo mwake akalephera.

"Mukawauze kuti ndi wamwamuna," ananong'ona.

Mzamba anaseka ndi m'mphuno. "Ndiye udzamubisa mpaka liti? Mpaka atamera mabele? Amayi ali panjawo akusuzumira lero lomwe."

Panja wina anatsokomola. Mawu a Malimbasa anamveka pachitseko: "Kodi m'nyumbamo kwagwanji?"

"Tikusambitsa," anakuwa mzamba. "Amuna khalani uko."

"Chabwino," anatero Hajara. "Ikani madzi pamoto. Akawira, mukanene. Akhale wanga kaye mpaka madzi awire."

Mzamba anali mkazi waukali, koma nayenso anabadwa wamkazi. Anatenga mphika waukulu kuposa yonse, kuudzaza mpaka m'milomo ndi madzi ozizira a mumtsuko, n'kusankha nkhuni zimene zinanyowa ndi mvula. Utsi unadzaza nyumba. Hajara anafunda nsalu pamodzi ndi mwanayo, kumuwerenga zala, kumununkhiza pamutu, kufunafuna mawu oti amuuze. Sanawapeze. Anangomuyamwitsa.

Nkhunizo zinavuta ndithu, zinazima kawiri. Koma moto ndi moto, madzi anawira.